Ntchito yokuwa pa msika wa masheya ija ilipobe? Amene anaigwirako tithandizeni

Mphukira
Moni nonse akuluakulu muno. Ndili ndi funso lomwe landisowetsa tulo kwa nthawi ndithu. Ndikumaliza maphunziro a zachuma chaka chamawa ndipo chiyambire ndili wamng'ono ndimasilira anthu aja amaoneka pa TV nkhani za bizinesi zikamayamba, avala majekete, tabuleti m'manja, belu likulira ku New York Stock Exchange. Mtima wanga uli pa ntchito imeneyoyo osati ina. Koma aliyense ndikamuuza amangoti zimenezo zinatha kalekale pano ndi makompyuta basi. Nde alipo muno amene anaigwirako kapena kuiona pafupi? Tsiku lawo limayenda bwanji, ndalama zimabwera bwanji, nanga chowawa chake kwenikweni ndi chani? Musandibisire chonde.

Kandalama
Aise zija nzongojambulira basi. Ine ndimagula nkugulitsa pa foni ndili chogona, nde munthu ukavalirenji jekete kukaima tsiku lonse

Madala_wa_Jekete
A Kandalama, pang'ono mwanena zoona koma musathamange. Mwana wanga Mphukira, ine ndinakhala kunja zaka zambiri ndipo ntchito imeneyi ndinaigwira, osati ku masheya koma ku msika wa mbewu, m'malo aja amati pit. Ndinayamba ngati wothamangitsa mapepala, kenako kalaliki, pamapeto pake nkumachita malonda ndi ndalama zanga. Ndilemba zambiri, mundipirire.

Choyamba uyenera kudziwa kuti anthu oima pansi paja si amodzi. Pali broker, amene amagula ndi kugulitsa m'malo mwa kasitomala nkumalandira komishoni, mtengo ukwere utsike zake nzomwezo bola oda aigwire bwino. Ndiye pali amene amatchedwa ma local, awa amachita malonda ndi thumba lawo, akapindula nzawo akaluza nzawonso, palibe malipiro a pamwezi. Ine ndinali local. Anthu pa TV amangoona gulu likukuwa koma mkati muja aliyense ali ndi nkhawa yakeyake.

Pit ndi malo a makona asanu ndi atatu, a masitepe otsikira pakati, kuti aliyense aonane ndi mnzake. Poima pamakhala ndi eni ake ngakhale sipanalembedwe. Ma broker akuluakulu amaima sitepe ya pamwamba chifukwa ndi pafupi ndi makalaliki awo, ndipo local amene waima pafupi ndi broker wa maoda ambiri ndi amene amadya bwino. Watsopano amayambira pansi penipeni pomwe palibe amamuona. Ine zinanditengera nthawi yaitali kuti ndikwere masitepe awiri okha, ndipo kukwerako nkwa zigongono, munthu amakuponda dala kuti aone ngati usuntha. Anthu aafupi ankagula nsapato za jombo yokhuthala kuti aoneke mpaka akuluakulu a msika anaika malire a kutalika kwa nsapato chifukwa anthu ankagwa pa masitepe.

Chete_Chete
Bambo nanga zamanja zija amalankhulana bwanji? Ine ndimangoona ngati akuvina

Madala_wa_Jekete
Ndi chilankhulo chenicheni chimene chija. Zikhatho zikaloza kwa iwe mwini ngati ukukokera chinthu pachifuwa, ukugula. Zikaloza kunja ngati ukukankha, ukugulitsa. Mtengo umaonetsa dzanja lili patsogolo kutali ndi nkhope. Kuchuluka kwa makontrakiti umaonetsa pa nkhope, zala pachibwano ndi 1 mpaka 9, zala pamphumi ndi makumi. Zala zoimirira ndi 1 mpaka 5, ukagoneka dzanja cham'mbali ndi 6 mpaka 9. Pakamwa napo pali dongosolo, wogula amayamba kutchula mtengo kenako kuchuluka, wogulitsa amayamba kuchuluka kenako mtengo, kotero ngakhale m'phokoso umadziwa kuti uyu ali mbali iti. Mukagwirizana, aliyense amalemba pa khadi lake, mtengo, kuchuluka, ndi zilembo za pa baji ya mnzakeyo. Basi. Palibe kusainirana, palibe mboni, mwangoyang'anana m'maso nkugwedeza mutu ndipo malonda a madola masauzande ambiri atheka.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira ine kuti muone kulemera kwa kachizindikiro kamodzi. Tsiku lina kutatsala mphindi zochepa kuti titseke, kunali kukankhana koopsa, ndinagulitsa makontrakiti 5 a chimanga, dzanja pachibwano. Nthawi yomweyo wina anandigunda chigongono kumbuyo dzanja nkukwera m'mwamba. Mnzanga wogulayo anaona zala zisanu pamphumi, analemba 50. Ine ndinalemba 5. Ndinapita kunyumba mtima uli m'malo. M'mawa ndisanavule nkomwe chikhoti kalaliki akundidikira pakhomo ndi pepala, makhadi athu sakugwirizana. Kontrakiti imodzi ya chimanga ndi mabushelo 5,000 (bushelo ndi muyeso wa mbewu wa ku America), ndiye mtengo ukasuntha senti imodzi pa bushelo ndi madola 50 pa kontrakiti. M'mawa umenewo mtengo unatsegula utakwera masenti 8. Werengani nokha, makontrakiti 45 osiyanawo kuchulukitsa ndi 8 kuchulukitsa ndi 50, madola 18,000. Palibe amene ananama pakati pathu, iye anaonadi 50 ine ndinatanthauzadi 5. Tinagawana pakati monga mwa chizolowezi, aliyense 9,000. Ndikukumbukira ndinaima pa khonde manja akunjenjemera ndikulephera kumanga batani la jekete, ndipo belu litalira ndinayenera kulowanso nkuyamba kukuwa ngati palibe chachitika, chifukwa anzako akaona kuti wavulala sakumvera chisoni, amangosiya kuchita nawe malonda poopa kuti ulephera kulipira.

Mphukira
Eee bambo 9,000 chifukwa cha chigongono cha munthu wina?? Simukanakana?

Madala_wa_Jekete
Ndikanakana, njira zokasumira zinalipo, koma mawa lake palibe akanandiyang'ananso. M'pit muja chuma chako chenicheni ndi mbiri yako. Broker akakhala ndi oda ndipo anthu khumi akuwa mtengo umodzi nthawi imodzi, amasankha amene akudziwa kuti sabwerera m'mbuyo. Ukangodziwika kuti ndiwe wokana malonda ako zikakuipira, maso a anthu amangokudumpha ngati palibe munthu, utha kukuwa mpaka kukhosi kuuma.

MayiWaMaakaunti
Ndalowa mochedwa koma nkhaniyi yandikhudza. Ine sindinaimepo m'pit koma ndinagwira ntchito zaka zingapo mu ofesi ya kampani yomwe inkaimira ma trader ngati a Madalawa, ife ndi amene tinkafananitsa makhadi usiku nkumawerengera kuti ndani watsala ndi zingati. Mphukira mwana wanga mvetsa ichi, pa msika wa ma futures, uja wogwirizana mtengo lero pa katundu wodzaperekedwa mtsogolo, palibe zoti ndidikira mtengo ubwerere ndiye ndiwerenge. Tsiku lililonse msika ukatseka akaunti yako imawerengedwa pa mtengo wotsekera, ngati waluza ndalama zimachotsedwa tsiku lomwelo. Chikole chako chikatsika kupitirira mlingo timakuimbira kuti uwonjezere, ndiye margin call imeneyo, ndipo ukalephera kampani imakutsekera malonda ako pa mtengo uliwonse umene ulipo, kaya ukulira kaya ukupempha.

Foni imeneyo ndinaimbapo kambirimbiri ndipo sindinaizolowere. Munthu wamkulu msinkhu wa bambo ako, dzulo lake amakuseketsa mu lifiti, lero akukuuza kuti chonde ndipatseni mpaka masana ndikagulitse galimoto. Ndipo sikuti anali opusa ayi, ambiri anali anthu akuthwa mitu kwambiri pa masamu. Chimene chinkawagwetsa nchimodzi, kukana kuvomera kuti alakwitsa. Waluza pang'ono, m'malo motuluka akuwonjezera kuti abweze, waluzanso akuwonjezeranso. Amene ankakhalitsa ndi aja oti akaona kuti zapotoka amatuluka msanga ndi kabala kakang'ono nkupita kukamwa madzi.

Komanso musaiwale kuti asanapange ngakhale senti imodzi ali kale ndi ngongole ya mwezi, lendi ya mpando ngati sanagule wakewake, malipiro a kalaliki, ndalama za kampani yathu pa kontrakiti iliyonse.

Kandalama
Mpando wake uti? Mesa amakhala choimirira

Wa_Mabuku
Mpando ndi dzina chabe a Kandalama, kutanthauza umembala, chilolezo choti uchite malonda pansi paja. Ku New York dzinali linachokera kale pamene mamembala ankakhaladi pa mipando. Msika umenewo chiyambi chake ndi pangano la ma broker 24 mu 1792, lija amati Buttonwood Agreement. Kuyambira 1953 mipando inali 1,366 yokha osawonjezera, nde wofuna kulowa amayenera kugula kwa wotuluka kapena kubwereka. Kumapeto kwa 2005 mpando umodzi unafika madola 4 miliyoni, ndipo chaka chotsatira msika utaphatikizana ndi kampani ya malonda a pa kompyuta ya Archipelago nkukhala kampani yogulitsa masheya ake, za mipandozo zinatha, pano ndi layisensi ya pachaka.

Ndipo funso la Mphukira loti kodi ntchitoyi ilipobe, tiyeni timuuze chilungamo. London Stock Exchange pansi pake panauma patangopita miyezi yochepa chichitikire kusintha kwa mu October 1986 kuja amati Big Bang. Johannesburg anasiya zokuwa mu 1996, Toronto 1997, Tokyo 1999, Hong Kong anatseka holo yawo mu 2017. Ku Chicago komwe kunali kuchimake kwa ma pit, Chicago Board of Trade ya 1848 ija, kampani ya CME Group, mwini wake wa msikawo, inatseka ma pit ambiri a futures mu July 2015, ndipo mliri wa Covid utabwera ambiri otsalawo sanatsegulidwenso. Zatsala ndi zochepa, pansi pa New York Stock Exchange (NYSE), malo ena a ma options (makontrakiti opatsa munthu ufulu wogula kapena kugulitsa pa mtengo wogwirizana koma osamukakamiza) ngati msika wa Cboe ku Chicago omwe mpaka anatsegula holo yatsopano mu 2022, ndi Ring, bwalo lochitira malonda pa msika wa zitsulo wa London Metal Exchange. Nde ilipo inde koma khomo lake ndi ngati diso la singano.

Mphukira
Zikundiwawa kumva koma zikomo. Nanga chinapha kwenikweni nchani? Kungoti makompyuta ndi achangu?

Madala_wa_Jekete
Changu ndi chimodzi koma kwa ife ma local chinatipha ndi choti maoda anasiya kudutsa pamaso pathu. Phindu lathu linali pa kampata kakang'ono pakati pa mtengo wogulira ndi wogulitsira. Pa chimanga kasitepe kochepetsetsa ka mtengo ndi kota ya senti, madola 12.50 pa kontrakiti. Ugule apa ugulitse apo, kakotako kangapo konse patsiku, ndiye chakudya chako. Ndipo poti unali pomwepo unkaona zinthu zomwe wa kunja sangaone, broker wa kampani yaikulu akutuluka thukuta ndi mulu wa mapepala m'manja, phokoso likusintha kamvekedwe. Phokoso lija limalankhula, ukhoza kukhala kuchimbudzi koma nkumva kuti kwachitika kanthu. Globex, njira yochitira malonda pa kompyuta, inayamba mu 1992 ife nkumaiona ngati ya usiku chabe, yosaopsa. Pang'onopang'ono makasitomala anaona kuti pa sikilini nzotchipa, oda imalowa nthawi yomweyo ndipo palibe amene akuona nkhope yawo. Tinatsala tikuyang'anana tokhatokha, anthu omwe kale tinkapanikizana phewa ndi phewa tsopano malo oti ukhoza kuyala mphasa.

Ambiri tinayesa kusamukira pa sikilini. Ndikuuze zoona mwana wanga, ochepa kwambiri ndi amene zinawayendera. Luso lathu linali la maso, makutu, mawu ndi kudziwa anthu. Pa sikilini zonsezo nzopanda ntchito, ukulimbana ndi pulogalamu yomwe imaika nkuchotsa oda iwe usanaphethire. Ndinaona anthu omwe anali mikango m'pit atakhala pa desiki ngati ana a sukulu tsiku loyamba.

Wa_Mabuku
Ku masheya nako nchimodzimodzi. Kale mitengo ku America inkayenda m'magawo asanu ndi atatu a dola, kasitepe kamodzi masenti 12.5. Mu 1997 anachepetsa kukhala 6.25, mu 2001 nkufika pa senti imodzi. Kwa wogula wamba nzabwino zedi chifukwa amalipira zochepa, koma kwa amene ankadyera pa kampatako ndi ngati akuchotsera mbale pakamwa.

Nachisale_wa_Chitatu
Pepani ndisokoneze. Ine funso langa ndi la chikumbumtima. Kodi ntchito imeneyi si juga yovala tayi? Munthu sunalime, sunapange kanthu, ukungogula chimanga chomwe sudzachiona nkugulitsanso pakatha mphindi ziwiri. Ndikufunsa ndi mtima wonse osati kunyoza

Madala_wa_Jekete
Achemwali funso limenelo ndinadzifunsa ndekha zaka zambiri ndipo sindikukwiyirani. Ndiyankha chonchi. Mlimi wa ku Iowa ku America amadzala asakudziwa kuti pokolola mtengo udzakhala bwanji. Atha kugulitsiratu zokolola zake pa msika wa futures kuti agone tulo. Kampani yopanga zakudya za ziweto nayo ikufuna kudziwiratu kuti idzagula pa zingati. Koma awiriwa safika pa msika mphindi imodzi, mlimi akafuna kugulitsa 10 koloko wogula weniweni mwina abwera 12 koloko. Pakatipo pamafunika munthu woti anene kuti bweretsa ndigula ine, nkusenza chiopsezocho kwa kanthawi. Ameneyo ndinali ine. Pamenepo mtima wanga ulibe mlandu.

Koma sindingakunamizeni, mzere wake ndi woonda. Tsiku limene ukuchita malonda osati chifukwa waona mpata koma chifukwa wakwiya kapena ukufuna kumva kakutentha ka m'magazi kaja, walowa kale m'juga. Ndipo ndinaona anzanga ambiri belu lotsekera likalira akupitiriza ndi zobetcha za mpira ndi mowa chifukwa thupi linazolowera kuthamanga magazi, kukhala chete kunkawavuta.

Nachisale_wa_Chitatu
Zikomo bambo mwandiyankha mwaulemu. Sindinakhutire kwenikweni pa nkhani ya zakudya, poti mtengo wa chakudya ukakwera amavutika ndi osauka amene sadziwa nkomwe kuti kuli msika woterowo. Koma ndamva mbali yanu

MayiWaMaakaunti
Poti mwatchula za chikumbumtima, palinso nkhani ya chinyengo yomwe Mphukira ayenera kuidziwa asanalowe. Mayesero ake ndi aakulu chifukwa broker amadziwa oda ya kasitomala anthu ena asanaidziwe. Akhoza kuyamba wadzigulira yekha kenako nkuika oda yaikulu ya kasitomala ija mtengo nkukwera iye nkudya, kapena kupangana ndi mnzake kumbali kuti agawane. Nzoletsedwa zonsezo. Mu 1989 zinaululika kuti bungwe lofufuza milandu la ku America la FBI linalowetsa anthu ake mobisa m'ma pit a ku Chicago, anavala majekete nkumachita malonda limodzi ndi anzawo kwinaku akujambula mawu, ndipo anthu 46 anaimbidwa milandu chaka chomwecho.

Ndipo ya Nick Leeson muidziwe bwino osangoti anaba. Iye ankachita malonda pa msika wa SIMEX ku Singapore m'malo mwa banki ya Barings, koma ankayang'aniranso ofesi yowerengera malonda ake omwe. Ndiye zoluza ankazibisa mu akaunti ya nambala 88888 nkumawonjezera kuti abweze. Chivomezi cha ku Kobe mu January 1995 chitagwetsa msika wa ku Japan, umene malonda ake ankadalira, dzenje linakula mpaka mapaundi 827 miliyoni, banki ya zaka zoposa 200 nkugwa, inagulidwa ndi banki ina ya ING pa paundi imodzi. Ife a mu ofesi ma trader ankationa ngati anthu owachedwetsa, koma ntchito yathu inali imeneyo, kuti wochita malonda asamadziwerengere yekha. Mwana wanga ukadzapeza ntchito pomwe wochita malonda ndi wowerengera ndi munthu mmodzi, kapena pomwe bwana akuti cholakwika tichisunge kaye tidzachikonza mawa, udzatuluke tsiku lomwelo.

Chete_Chete
Amayi nanga azimayi analipo pansi paja? Pa zithunzi ndimangoona amuna

MayiWaMaakaunti
Analipo koma owerengeka ndipo ankavutika. Mzimayi woyamba kugula mpando ku NYSE anali Muriel Siebert mu December 1967, msika utakhala kale zaka 175, ndipo kwa zaka pafupifupi khumi anali yekha pakati pa amuna oposa 1,300. M'ma pit munali movuta koposa chifukwa ndi ntchito ya thupi, kukankhana, mawu aakulu, ndi zolankhula zina zomwe sindingalembe pano. Amene ndinkawadziwa ine anali olimba mtima modabwitsa ndipo makhadi awo ankabwera olembedwa bwino, zolakwika zochepa.

Mwana_wa_Trader
Ine ndingowonjezera za kunyumba poti palibe wazitchula. Bambo anga anagwira ntchito imeneyi mpaka nditakula. Chimene ndimakumbukira si ndalama ayi, ndi mawu awo. Ankafika masana mawu atasasa, malaya atanyowa ngati agwa m'madzi, inki ya bolopeni pa khosi la malaya ndi m'manja chifukwa anzawo ankawabaya nayo mwangozi pokankhana. Amayi ankatiuza kuti tiyang'ane kaye mmene atsekera chitseko cha galimoto tisanawathamangire. Akatseka pang'onopang'ono nkukhala kaye pa mpando osatuluka, tinkadziwa kuti lero tisapemphe kanthu. Sanatimenyepo, sanatikalipirepo, ankangokhala chete kuyang'ana khoma mpaka mdima. Chaka china tinali ndi zonse, chaka chotsatira tinasamuka nyumba. Pano akumva movutikira khutu limodzi ndipo maondo anawatha. Ndimawakonda ndipo ndimawalemekeza kwambiri koma aliyense wofuna ntchito ya mtundu umenewu adziwe kuti a kunyumba nawo amaigwira.

Madala_wa_Jekete
Mwana wanga ndawerenga kawiri zimene walembazi. Za kukhala m'galimoto osatuluka zija ndinkachita ine ndemwe, ndinkaganiza kuti ana sakuona. Uwapatse moni bambo ako.

Kandalama
Ok ndavomera kuti kale inali ntchito yeniyeni, pepani ndinalankhula mopepuka. Koma panopa aja a ku New York akuchita chani? Poti nthawi ya Covid anatseka ndipo msika sunaime

Wa_Mabuku
Nzoona, pansi pa NYSE panatsekedwa pa 23 March 2020 nkutsegulidwanso pang'ono pa 26 May, ndipo malonda anapitirira pa makompyuta okhaokha. Anthu ambiri ananena zomwe mukunenazo. Koma amene alipowo ali ndi ntchito yake. Pali ma floor broker oimira makasitomala akuluakulu, ndiye pali ma Designated Market Maker omwe mu 2008 analowa m'malo mwa aja ankatchedwa ma specialist. Sheya iliyonse yolembetsedwa kumeneko ili ndi DMM wake, udindo wake ndi kuonetsetsa kuti pali mtengo wogulira ndi wogulitsira ngakhale pamene ena onse athawa, ndiponso kuyendetsa kutsegula kwa 9:30 m'mawa ndi kutseka kwa 4 koloko masana. Kutsekako nkofunika kwambiri chifukwa mabungwe aakulu osunga ndalama za anthu amafuna mtengo wotsekera weniweniwo, nde maoda ambiri amaunjikana mphindi zomalizira. Komanso kampani ikamagulitsa masheya ake koyamba, DMM ndi amene amasonkhanitsa maoda mpaka apeze mtengo woyambira, nthawi zina zimatenga maola. Masana ena onse kumakhala bata, anthu akuyang'ana masikilini ngati mu ofesi ina iliyonse.

Ku London Metal Exchange ndiye kosangalatsa. Amakhala pa masofa ofiira ozungulira, chitsulo chilichonse chimapatsidwa mphindi zisanu, kopa yake, aluminiyamu yake, zinki yake, ndipo phokoso lenileni limabuka masekondi omalizira. Ring inatsekedwa mu March 2020, akuluakulu anaganiza zoitsekeratu, mamembala anakana, inatsegulidwanso mu September 2021.

Madala_wa_Jekete
Pa za kufunika kwa munthu ine ndili ndi mbali, sindibisa. Masiku abwino kompyuta imaposa munthu, palibe mtsutso. Koma taonani pa 6 May 2010, Dow, muyeso wa mitengo ya masheya a makampani akuluakulu ku America, inagwa pafupifupi mapointi 1,000 nkubwereranso m'mphindi zowerengeka, masheya ena anagulitsidwa pa senti imodzi chifukwa mapulogalamu ambiri anangodzichotsa pa msika. Munthu woima pamaso pa anzake sangazime choncho, mawa akumananso nawo. Komabe ndisakometse zakale mopitirira, pa 19 October 1987 anthu analipo odzaza ndipo Dow inagwa ndi 22.6 peresenti tsiku limodzi, mafoni ena ankangolira osayankhidwa. Kuchokera pamenepo ndi pomwe anaika malamulo oimitsa msika ukagwa kwambiri, pano S&P 500, muyeso wina wa msika, ikatsika ndi 7 peresenti amapumira mphindi 15, pa 13 chimodzimodzi, pa 20 amatseka tsikulo. Mu March 2020 anaimitsa kanayi mwezi umodzi.

Mphukira
Akuluakulu mwandipatsa zambiri kuposa zomwe ndapeza m'kalasi. Nde nditani? Ndisiye maloto?

MayiWaMaakaunti
Usasiye koma ufunse kuti chimene umakonda kwenikweni nchani. Ngati ndi jekete ndi kamera, malo ndi ochepa ndipo ambiri amalowa kudzera m'makampani omwe ali kale pansipo, kuyambira pa ukalaliki, kuphatikiza nkhani ya chilolezo chogwirira ntchito m'dziko la eni. Ku America pamafunikanso mayeso a FINRA, bungwe loyang'anira ma broker, oyamba amatchedwa SIE kenako ena ngati Series 7 kapena Series 57 kutengera ntchito, ndipo ambiri mwa amenewa sungalembe popanda kampani yokuimira. Koma ngati umakonda msika weniweniwo, mitengo, kuganiza mwachangu, ntchito zilipo m'madesiki a mabanki, makampani a market making aja oika mtengo wogulira ndi wogulitsira, oyang'anira chiopsezo, ngakhale mu ofesi ngati momwe ndinalili ine. Limbikira masamu a probability, phunzira Python yolembera mapulogalamu a kompyuta, mvetsa ma options bwinobwino chifukwa ndi kumene anthu akadali ofunika poti maoda ake amakhala ovuta, magawo atatu anayi pa oda imodzi. Ndipo pa intavyu udzafunse funso ili, ndikalakwitsa oda amalipira ndani.

Madala_wa_Jekete
Amayiwa anena zonse. Ine ndingowonjezera kuti uyambe kudziyesa pano. Tenga kope, tsiku lililonse lemba kuti ndikanagula apa, ndikanatuluka apa zikanandiipira, ndipo malo otulukirawo uwalembe usanalowe osati pambuyo. Pakatha miyezi itatu uwerenge kuti ndi kangati unasuntha mzere wotulukira uja chifukwa mtima unkati dikira pang'ono. Nambala imeneyo idzakuuza zambiri za iwe kuposa digiri. Ndipo a Kandalama inunso za pa foni zanuzo chitani chimodzimodzi, ndalama ya lendi isalowe m'menemo.

Kandalama
Ndamva madala. Kope ndigula

Mphukira
Ndiyamba mawa lomwe. Kafunso komaliza bambo, ndakhala ndikuyeserera zamanja zija pa galasi kuyambira mmene munalemba. Ndikafuna kugula 70 ndichite bwanji?

Madala_wa_Jekete
Dzanja pamphumi, uligoneke cham'mbali, zala ziwiri, chikhatho chiloze kwa iwe. Chala chimodzi chogona ndi 6, ziwiri ndi 7. Ndipo likhudze pamphumi penipeni, osati penapake pakati pa mphuno ndi pakamwa, chigongono uchipanikize kunthiti kuti wina akakugunda dzanja lisasunthe.